Chitsulo Chopanda Maenje

MUTU 6

1. Awiri m'chipinda chimodzi

M'labu ya pamwamba pa nyumba ya sayansi munkagwira ntchito ophunzira awiri a chaka chomaliza. Mtsikana ankamutcha Nachangu, chifukwa chilichonse ankachita ngati basi ikumusiya. Ankayenda chothamanga, ankadya chiimirire, ndipo funso ankaliyankha mphunzitsi asanamalize kufunsa. Mnyamata ankamutcha Nkhono. Ameneyo botolo limodzi ankatha kulitsuka mpaka anzake kupita kukadya n'kubwerako. Maina awo enieni ankangomveka pa tsiku la mayeso.

Onse awiri adali m'manja mwa mphunzitsi mmodzi, mayi wa imvi amene aliyense ankangowatchula kuti Madamu. Madamu ankayenda motsimphina chifukwa m'chiuno mwawo mudali chitsulo chimene madokotala adawaika atachita ngozi ya galimoto.

Ntchito ya m'labumo idali pa tizitsulo topyapyala, tating'ono ngati chikhadabo. Madamu ankayembekeza kuti tsiku lina chitsulo cha mtundu umenewo chidzapangidwa timachubu toika m'mitsempha ya odwala. Koma padali vuto. M'magazi muli tinthu ting'onoting'ono totchedwa mapuloteni. Chinthu chachilendo chikalowa m'thupi, mapuloteni ndiwo amayamba kufika n'kuchimatirira. Akaunjikana kwambiri, magazi amatha kuundana, chubu n'kutseka. Choncho funso lidali limodzi: kodi pa chitsulo chatsopanochi mapuloteni amamatirira, kapena amangodutsa?

Nkhono ankafufuza yankho ndi manja. Ankaviika tizitsuloto m'madzi okhala ndi mapuloteni, kenaka n'kuyeza amene atsalirapo. Ankajambulanso pamwamba pa chitsulocho ndi makina okuza zinthu. Ndi maso chinkaoneka chosalala ngati galasi, koma pa chithunzi cha Nkhono padali timapiri ndi timaenje ngati msewu wa dothi nthawi ya mvula.

Nachangu ankafufuza yankho ndi kompyuta. Ankatenga chithunzi cha Nkhono n'kumanga nacho chitsulo choyerekezera, kuthirapo madzi oyerekezera, kenaka n'kuponyamo puloteni imodzi kuti aone chimene ichite. Mayankho a awiriwa akadagwirizana, ntchito ikadatheka.

Malo opitiriza kafukufukuyo chaka chotsatira adalipo a munthu mmodzi yekha. Onse awiri ankadziwa zimenezi, koma nkhaniyo sankaitchula. Masana ankagawana buledi pa masitepe, n'kumanyozana ngati munthu ndi mlongo wake.

2. Chenjezo la Madamu

Tsiku limene Nkhono adamaliza kujambula, Madamu adakoka mpando n'kukhala pakati pa awiriwo. Adaloza pa sikirini pomwe padali kamzere kokhala ndi kabatani kokoka.

"Ichi ndi chosalazira," adatero. "Makina a Nkhono akamajambula amatola ndi zinyalala zomwe: fumbi, kugwedezeka kwa tebulo, ngakhale galimoto yodutsa kunjaku. Ukakoka kabatanika pang'ono, zinyalalazo zimachoka. Koma ukapitiriza kukoka, umachotsa ndi maenje enieni omwe. Wamva, Nachangu?"

"Ndamva, Madamu."

"Wayankha msanga, ndiye kuti sunamve. Khala phee ndikuuze. Kompyuta ndi wantchito wopanda manyazi. Ukaipatsa bodza siikana, ndipo siifunsa kuti walitenga kuti. Imalilandira, imalichapa, imalisita, n'kukubwezera litavala taye. Iwe n'kuyamba kuliombera m'manja, kuiwala kuti unalibereka wekha. Puloteni si yopusa ayi. Pamalo posalala imatha kuterereka, koma ikapeza kadzenje imapinda thupi, n'kulowamo, n'kugwira uku ndi uku. Ndiye ngati chitsulo chenicheni chili ndi maenje, cha m'kompyutacho chikhalenso ndi maenje."

Madamu adadzisisita m'chiuno, n'kupitiriza.

"Ine chitsulo ndimagona nacho, ndimadzuka nacho. Munthu amene anachiyesa chisanalowe m'thupi mwangamu sindinamuonepo, koma tsiku lililonse ndimadalira kuti sanali pa changu. Inunso kuli wina amene simudzamuona, koma adzadalira manja anuwa. Choncho lamulo langa ndi limodzi. Chithunzi cha mnzako usachisinthe mwini wake asakudziwa. Kuthamanga sikufika, ana inu."

Madamu atatuluka, Nkhono adagunda Nachangu ndi chigongono.

"Mwambi umenewu achita kukusokera iweyo, wakukwana bwinobwino."

"Nanga iwe wosathamangawe wafika kuti?" Nachangu adabweza. Onse adaseka.

3. Mzere wa kompyuta yaikulu

Kompyuta ya pa tebulo la Nachangu siikadaitha ntchito imeneyo. Masamu ake ankawatumiza ku kompyuta yaikulu ya m'chipinda chapansi, yomwe ophunzira a nyumba yonse ankaidikirira pamzere. Woyang'anira wake adali bambo wovala juzi chilimwe ndi dzinja, chifukwa m'chipindamo munkazizira ngati m'firiji. Bamboyo sankadziwa kunyengerera. Nthawi ya munthu ikatha ankadula, kaya yankho latuluka kaya ayi.

Nachangu adatumiza ntchito yake koyamba. Timaenje ta Nkhono tidachulukitsa masamu, moti puloteni inkangokwawa. Nthawi idatha yankho lisadabwere. Adadikiranso pamzere, n'kutumizanso. Zidachitika zomwezo.

Atatsikira kukapempha nthawi ina, bambo wa juzi sadadzutse ndi mutu womwe.

"Mwatsala ndi mpata umodzi, achemwali. Ukatha umenewo, mudzandione mwezi wamawa. Kompyutayi si yanu nokha."

Mwezi wamawa kudali kutali. Msonkhano wosankha wopitiriza kafukufuku udali sabata yotsatira, ndipo Nachangu adalibe chilichonse chokaonetsa.

Adakwera masitepe mtima uli m'mwamba. Adakhala pa mpando n'kuyang'ana pomwe ntchito idaduliridwa. Puloteni idali itaima m'mphepete mwa kadzenje kena, mbali yake imodzi italowa kale m'kati. Munthu wodekha akadaona kuti pamenepo pali nkhani. Koma Nachangu adangoona chinthu chomuchedwetsa.

Nkhono adali pa sinki, atamufulatira, akutsuka mabotolo uku akuimba kanyimbo kosamveka mutu. Kumuitana sikukadafuna ndi kukweza mawu komwe.

Nachangu adakoka kabatani ka chosalazira pang'ono. Kompyuta idaonetsa kuti ntchito itengabe nthawi yaitali. Adakokanso. Nthawi idatsika, koma osakwanira. Adacheuka kuyang'ana msana wa Nkhono, kenaka adakoka kabataniko mpaka kumapeto kwa mzere.

Timapiri tonse tidagona. Timaenje tonse tidakwiririka. Pa sikirini padatsala chitsulo chosalala ngati tebulo la mu ofesi.

"Ndingoona kaye mmene zikhalire," adadziuza. "Ndidzakonza pambuyo pake." Adasunga chithunzi chatsopanocho pamalo pena, n'kutumiza.

Yankho lidabwera dzuwa lisadapendeke. Puloteni idatsika, idakhudza chitsulo, idagubuduka pang'ono, n'kuchoka ngati dontho la mvula pa ambulera. Nachangu akadali kuyang'ana, adamva kutsimphina kumbuyo kwake.

4. Chimwemwe cha tsiku limodzi

"Bweza ndione!" Madamu adafuula.

Nachangu adabweza. Madamu adaonera, n'kuuzanso kuti abweze. Adavula magalasi, adawapukuta, adawavalanso. Mayi amene sankaseka wamba adaomba m'manja ngati mwana.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira kuona chimenechi! Nkhono, siya mabotolowo, dzaone! Mwana iwe, wandichotsa manyazi."

Nachangu adatsegula pakamwa kuti aulule. Dzanja la Madamu lidali pa phewa lake, ndipo lidali lofunda. Kuyamikiridwa kumakoma, ndipo iye adali asadayamikiridwepo chotere. Adatseka pakamwa n'kumwetulira.

Nkhono adabwera akupukuta manja, adaonera, n'kumugwira chanza. "Wathamanga ndipo wafika," adatero mosangalala. Sadayang'anitsitse chitsulocho, chifukwa maso a aliyense adali pa puloteni.

Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. M'mawa mwake Nkhono adavuula tizitsulo take n'kuyeza. Mapuloteni adali atamatirira tho. Adapita ndi zotsatirazo kwa Madamu nkhope itagwa.

Madamu adayang'ana manambalawo nthawi yaitali. "Unavala magolovesi?"

"Ndinavala, Madamu."

"Nthawi yonse?"

"Nthawi yonse."

Funsolo lidali ndi pochokera. Kumayambiriro kwa chaka, Nkhono adagwirapo kachitsulo ndi chala chosavala, ndipo mafuta a m'chalacho adaononga ntchito ya gulu lonse. Adapepesa, adasintha, koma dzina likaipa silichapika msanga. Komanso tinene zoona, Madamu adali munthu ngati ife tomwe. Munthu akafuna chinthu kwa zaka zambiri, khutu lake limapendekera mbali imodzi.

"Bwereza," adalamula. "Tsuka chilichonse, uyambirenso."

Nkhono adabwereza. Adatsuka mabotolo, mbale, tizitsulo ndi tebulo lomwe. Adasiya kupita ku masitepe kukadya buledi. Sopo ndi mankhwala otsukira zidamudya m'manja mpaka khungu la pakati pa zala lidang'ambika. Atayezanso, yankho lidali lomwe lija.

"Ine sindikumvetsa," Nkhono adauza Nachangu, atakhala pansi n'kutsamira kabati. "Ndikulakwitsa pati? Tandiyang'anira, mwina iwe uona. Maso angawa atopa."

Nachangu adatenga pepala la zotsatirazo, adaliyang'ana osaliwerenga, n'kumubwezera. "Mwina ndi madzi," adatero motsitsa mawu.

Nkhono adadzuka n'kukasintha madzi.

5. Wezulo wa amalume

Nachangu ankakhala ndi amalume ake m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya basi. Ndiwo adamulera kuyambira pamene mayi ake adamwalira. M'kati mwa sabata ankagulitsa nsapato m'sitolo, koma Loweruka ankavala malaya achikasu n'kukaimbira mpira wa matimu a m'maboma ang'onoang'ono. Anthu ankawatukwana sabata iliyonse, ndipo iwo ankabwerako akuseka.

Tsiku loti mawa lake kuli msonkhano uja, Nachangu adawapeza pakhonde akupukuta nsapato zawo za mpira, dzuwa likulowa. Adawapatsa moni n'kufuna kulowa.

"Bwera kuno," adatero amalume. "Masiku ano ukuyenda ngati munthu. Changu chija chapita kuti? Tiyi wam'mawa unamusiya, ndamwa ndine."

Nachangu adakhala pa sitepe. Adatola burashi n'kuyamba kupukuta nsapato inayo.

"Amalume, pali mnzanga wina kusukulu."

"Eya, anzathu amenewa amakhala ndi mavuto kwambiri. Watani mnzakoyo?"

"Anasintha kanthu pa ntchito yake kuti ithe msanga. Sanafune kunamiza munthu. Koma pano mlandu wagwera wina amene sanalakwe. Akaulula, ataya malo amene wawavutikira chaka chonse."

Amalume adaika nsapato pansi. Adatulutsa wezulo m'thumba la malaya n'kumuika pa bondo.

"Ukuona kanthu aka? N'kopepuka, koma kamalemera kuposa thumba la simenti. Ine pabwalo ndimaona zambiri. Mnyamata wagwira mpira ndi dzanja, mpira walowa, bwalo lonse likuvina. Palibe waona, koma ine ndaona. Ndikangokhala chete, aliyense andikonda tsiku limenelo. Koma chigoli chimenecho wamwetsa si mnyamata uja ayi, ndamwetsa ndine. Ndipo goloboyi wosalakwa apita kwawo akudzifunsa kuti kodi manja angawa ndi obooka? Mawa amuchotsa m'timu. Iye sadzadziwa n'komwe kuti anamudyera ndani."

Nachangu adapitiriza kupukuta malo amodzimodzi.

"Kulakwa koyamba kuja n'kwa aliyense," amalume adapitiriza. "Dzanja limatha kutsogola mutu usanaganize. Chimene chimaononga munthu ndi chachiwiricho, chokhala chete pomwe mnzako akupsa. Ndipo wezulo ali ndi nthawi yake, mwana wa mlongo wanga. Ukaliza pomwepo, anthu amakutukwana n'kuiwala. Ukadikira kuti mpira uthe, ngakhale ulize mpaka masaya kuphulika, zigoli zalembedwa kale. Mlandu suola. Ukamuuze mnzakoyo kuti malo amene wawapeza poponda mnzake sakhalika, mpando wake umakhala ndi misomali."

"Ndikamuuza, amalume."

"Ukamuuzenso kuti amalume ake sadzamuthamangitsa chifukwa chotaya malo. Nyumba ino ilipo. Ndipo nsapatoyo isiye, uyibowola."

Nachangu adaseka pang'ono, koma misozi idali italengeza. Adalowa m'nyumba atatsimikiza mtima kuti mawa akanena zonse.

6. Funso limodzi

Msonkhano udachitikira mu ofesi ya Madamu m'mawa. Chipindacho chidali chopanikiza, mabuku ali mbwee pansi ndi pa mipando. Nkhono adakhala pafupi ndi chitseko, manja atawabisa pakati pa mawondo. Nachangu adakhala moyang'anana ndi Madamu, mawu ake atawakonza kale m'basi.

Koma Madamu ndiwo adayamba.

"Ndisanalankhule za mavuto, ndinene zabwino. Zotsatira za Nachangu ndaonetsa akuluakulu a sukulu. Akondwa kwambiri. Akuti mtsikana ngati ameneyu asatipulumuke." Adamuyang'ana monyadira. "Mayi ako akanakhalapo, bwenzi lero akuvina."

Mawu amene Nachangu adakonza m'basi aja adabalalika.

"Tsopano," Madamu adapitiriza, "ndili ndi mayankho awiri otsutsana. Kompyuta ikuti puloteni siimatirira. Manja a Nkhono akuti imamatirira. Mmodzi walakwitsa. Nkhono ndamufunsa mokwanira, ndiye chilungamo n'chakuti ndifunsenso mbali inayi. Nachangu, ndikufunsa kamodzi kokha. Chithunzi chimene Nkhono anakupatsa unachigwiritsa ntchito monga momwe chinalili?"

Kunja wina ankakoka tebulo pa simenti. Nachangu adaona manja a Madamu pa tebulo, adaona chitseko, koma kumene kudali Nkhono sadayang'aneko.

"Monga momwe chinalili, Madamu."

Mawuwo adatuluka mosavuta, ndipo chimenecho ndicho chidamuopsa kwambiri.

"Chosalazira sunachikhudze?"

"Pang'ono pokha. Kuchotsa fumbi."

Madamu adagwedeza mutu mokhutira. Mpata wobweza mawu udalipobe, koma Nkhono ndiye adautseka, mosadziwa.

"Madamu, musamuvutitse Nachangu," adatero. "Iyeyu masamu salakwitsa. Ndakhala naye chaka chonse, ndikumudziwa. Vuto likhala kwa ine. Kungoti sindikulipeza."

Madamu adapumira m'mwamba n'kuvula magalasi.

"Mwana wanga, sindikukuda. Khama uli nalo, ndipo mtima wako ndi wabwino. Koma ntchito ino imafuna manja odalirika, chifukwa kumapeto kwake kuli mtsempha wa munthu. Tizitsulo tatsala tochepa, sindingapitirize kutitaya. Kuyambira lero usiye za m'labu. Maphunziro ako umaliza polemba zochokera m'mabuku, ndipo ndidzakuthandiza kuti ukhoze. Malo a chaka chamawa ndapereka kwa Nachangu."

"Ndamva, Madamu. Zikomo," adatero Nkhono. Adaimirira, adagwada pang'ono, n'kutuluka mwakachetechete. Chitseko adachitseka bwinobwino monga ankachitira ndi chilichonse.

Madamu adatambasula dzanja kuti amugwire chanza Nachangu. "Bwanji dzanja lazizira chonchi? Sangalala, mwana iwe!"

Nachangu adayesa kusangalala, koma zidakanika.

7. Mphatso ya Nkhono

Masana Nachangu adamupeza Nkhono m'labu akulongedza. Katundu wake sadali wambiri: kapu ya tiyi, mabuku awiri ndi gawuni yoyera yomwe adaipinda mosamala. Mabotolo onse adali atawatsuka n'kuwandandalika pa shelefu, aakulu kumbuyo, aang'ono kutsogolo.

"Wabwera bwino," adatero. "Ndimafuna ndikuonetse. Sinki iyi mpope wakumanzere umadontha, uzimanga kwambiri. Makina ojambulira usamayatse galimoto ya zinyalala ikamadutsa, amanjenjemera."

"Nkhono..."

"Usandimvere chisoni, iwe. Wapambana mwachilungamo. Ine ndikanakhala Madamu, ndikanasankhanso iwe." Adatambasula manja ake n'kuwayang'ana. Pakati pa zala padali mabala ofiira, ena atayamba kuuma. "Bambo anga amati ndili ndi manja a mayi anga, osamala. Ndinkakhulupirira. Koma mwina manja amenewa si a ntchito ino. Bola ndadziwa msanga, ndisanapweteke munthu."

Mnyamatayo sadataye malo okha. Adali atayamba kukhulupirira bodza lonena za iye mwini, ndipo bodzalo adamuveka ndi mnzake wogawana naye buledi.

"Si manja ako," adatero Nachangu.

"Ndiye n'chiyani?" Nkhono adafunsa, akumuyang'ana m'maso. Sadafunse mokayikira. Adafunsa ngati munthu womira amene waona chingwe.

Nachangu adayang'ana pansi. "Kaya. Zimangochitika."

Nkhono adaseka pang'ono. Adapisa m'thumba n'kutulutsa kafulashi, kachipangizo kakuda kosungiramo zinthu za pa kompyuta, komangidwa ndi ulusi wofiira.

"Tenga. Muli zithunzi zonse za chitsulo chija, kuyambira choyamba. Chimenechi chokha ndiye ndikudziwa kuti ndinachita bwino. Kadzenje kalikonse ndinakajambula ndekha, ena ndinawapatsa ndi maina omwe. Uwasamale maenje angawo." Adamuika kafulashiko m'dzanja n'kumupinda zala. "Ndipo uzidya utakhala pansi, wamva?"

Adanyamula chikwama n'kutuluka. Nachangu adamva mapazi ake akutsika masitepe pang'onopang'ono mpaka adazimirira. Sadamuthamangire, ngakhale kuti kuthamanga ndiyo idali ntchito yake.

Adakhala pa mpando n'kulowetsa kafulashiko m'kompyuta. Chithunzi cha Nkhono chidatseguka, timapiri ndi timaenje tonse tili m'malo mwake. Pambali pake adatsegula chake chija, chosalala, chopanda kanthu. Ngakhale mwana wa pulayimale akadaona kuti zimenezi si chinthu chimodzi. Adagwira kumaso n'kulira.

Adamva kutsimphina m'khonde. Adapukuta misozi msanga n'kuzimitsa sikirini. Madamu adasuzumira pakhomo, chikwama chili paphewa.

"Ukulirira mnzako? Uli ndi mtima wabwino. Koma tamvera. Lolemba kukubwera madokotala ochokera ku chipatala chachikulu, akufuna kuona ntchito yathu ndi maso awo. Udzaonetsa wekha pa sikirini yaikulu ya m'holo. Uyambe ndi chitsulo cha m'kompyuta chija chili chokha, puloteni isanabwere, kuti aone maenje amene tawagonjetsa. Nkhono ndamupeza pa masitepe, ndamuuza kuti adzabwere adzakhale kutsogolo. Chithunzicho ndi chake, ayenera kuomberedwa m'manja ngakhale kamodzi."

Madamu adamwetulira n'kupitirira. Nachangu adatsala yekha m'labumo, kaulusi kofiira kakulendewera pa kompyuta. Kumanzere kwa sinki mpope udali ukudontha, ndipo padalibe woumanga.